Mpopi Sudziwa za Mwanayu

Anthu a kampani atabwera kudzafunsa zosowa za khomo lililonse, kuti mpopi wamakono uzidziyezera wokha madzi, Nachanza anali ndi pakati posaoneka. Anangoti alipo awiri. Akanayamba bwanji kukamba za mimba ndi mlendo, wamwamunanso?

Tsopano khanda linali kumsana, koma mpopi unkatsekabe ukangokwanitsa madzi a anthu awiri. Matewera ankachapira madzi otsukira mbale.

"Bambo a mwana, mwawauza?" Nachanza anafunsa amuna ake, a Chagunda, atabwerako ku ofesi ya kampani ija.

"Akuti zofuna zathu tinanena kale. Adzafunsanso akamadzasintha makina."

A Chagunda anamukankhira kapu yawo ya madzi, milomo yawo itauma gwa.

"Imwani mayi, mukuyamwitsa. Ine ndamwa panjira."

Nachanza ankadziwa kuti panjirapo palibe mpopi. Anamwa.