Mbalagha yopanda makoko

Panali munthu wina cha ku Wovwe uko, mayi wachitsikana wochokera ku Mchinji, dzina lake Fainess. Amene anandiuza nkhaniyi akuti analipo ndipo anadya nawo, ndiye ine musandipanikize.

Fainess anakwatiwa ndi Ambokile, mlimi wa mpunga pa sikimu ya ulimi wothirira. Pabanja limenelo mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayamba ndi khitchini yakeyake. Amaphika kaye kwa apongozi mpaka iwo atakhutira kuti mwana wawo safa ndi njala. Akakhutira amamupatsa mapoto n'kumulozera poika mafuwa ake. Fainess ankalifuna tsiku limeneli koopsa, chifukwa apongozi akewo, mayi Tusekile, ankayang'ana ngakhale mchere umene watsina.

Mayeso ake anali mbalagha, nthochi zaziwisi zophika pamodzi ndi nyama.

"Mkamwana, khala apa uone mmene ndikuchitira," ankatero mayi Tusekile akamaphika.

"Aa, amama, nthochi ndi nthochi. Ndinaonera kale pa foni."

"Yewo," mayiwo ankangoyankha choncho.

Tsiku linafika. M'mawa mayi Tusekile anamupatsa nthochi ndi nyama ya ng'ombe, iwo ndi amuna awo n'kupita kumunda kukathamangitsa mbalame. Fainess anatenga nthochi imodzi, anayesa kuisenda ndi chala ngati yakupsa. Nthochi inakana. Anatsegula foni, koma mayi wa mufoniyo ankayankhula Chiswahili, ndipo ankathamanga ngati akuthawa mvula.

Anaitana mwamuna wake.

"Bambo, ngati mukufuna tizidya patokha, kwerani njinga yamoto."

"Ndipite kuti?"

"Ku Uliwa, kwa Sumaya. Mukagule mbalagha yodzadza poto uyu."

Sumaya anali mayi wa ku Mangochi amene anali ndi kalesitilanti pamsewu, ndipo mbalagha yake inkatha dzuwa lisanafike pamutu. Ambokile anakanda mutu, koma anapita. Atabwera, Fainess anaika poto pamoto kuti adetsedwe ndi mwaye. Nthochi zija anazikankhira kunsi kwa bedi. Nyama anaotcha n'kudya awiri, kuti umboni usatsale.

Masana anthu anadya. Azakhali anawonjezera, alamu ananyambita zala. Mayi Tusekile nawonso anamaliza mbale yawo, anasamba m'manja, kenako anati:

"Yakoma, mkamwana. Tsopano ndipatse makoko, ng'ombe yanga ikulira."

"Makoko?"

"Makoko a nthochi. Pano sititaya, timapatsa ng'ombe."

Fainess za makoko sanaziganizire. Kwawo makoko amataya kudzala, palibe amene amawafunsa.

"Ndataya m'chimbudzi, amama."

"Onse? Ndiye chimbudzi chathu lero chakhuta. Tabweretsa manja."

Fainess anatambasula manja. Anali oyera mbee, kyutekisi wa m'zikhadabo ali phuliphuli. Aliyense pamudzipo amadziwa kuti wosenda nthochi zaziwisi, ngakhale adzole mafuta, utomoni umamudetsa m'zikhadabo, ndipo mpeni umada bii. Mayiwo anatenga mpeni, anautembenuza uku ndi uku, anaubwezera pamalo pake.

Nthawi yomweyo mawu anamveka kuchokera kukhonde, kumene amuna ankadyera paokha. Anali apongozi aamuna, mimba ili ndendende.

"Ambokile, kamuuze mkazi wako kuti ndathokoza! Dzanja lake ndi la Sumaya wa ku Uliwa ndendende. Ngakhale katsabola kaja ndi komweko!"

Ambokile anatsamwa. Mayi Tusekile anatembenuka pang'onopang'ono.

"Inu bambo a Ambokile, dzanja la Sumaya mumalidziwa bwanji?"

"Ine? Aa, anthu amangonena."

"Si inu mukabwera kuchokera ku Uliwa mumati m'mimba mwatupa, chakudya changa ndipatse ana?"

Mdala uja anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbalame zikutha mpunga, ananyamula chipewa, ulendo.

Mayiwo anabwerera kwa Fainess.

"Nthochi zanga zili kuti?"

"Kunsi kwa bedi, amama."

"Nyama?"

Fainess anayang'ana Ambokile. Ambokile anayang'ana nkhuku imene inkadutsa.

"Chabwino. Ukanandiuza kuti zakukanika, tikanasenda limodzi, mapoto ukanatenga mwezi wamawa. Pano ngakhale ndikupatse khitchini, ndidziwa bwanji kuti utsi ukutulukawo ndi wako? Katenge nthochizo zisanapse."

Madzulo amenewo Fainess anakhala pakhomo la khitchini ya apongozi, mpeni m'manja, akazi a pamudzi akudutsa mmodzimmodzi ngati akubwereka moto. Mapoto amene apongozi anamugulira anapatsidwa kwa mkazi wa mng'ono wake wa Ambokile, amene anabwera pambuyo pake. Mpunga anakolola, anadzalanso wina, Fainess akutsinabe mchere pamaso pa mayi Tusekile.

Phunziro: Wamkulu akati khala apa uone, khalani pansi muone, chifukwa chakudya mungagule koma makoko sagulitsa. Kunena kuti sindidziwa kumachititsa manyazi tsiku limodzi, bodza limakukhazikani m'khitchini ya eni chaka chonse. Ndipo inu azibambo odya m'malesitilanti mobisa, mukakhuta muzitseka pakamwa. Tumizirani ena, makamaka amene ukwati wawo uli pafupi.