Miyala Yotsala pa Nsanja ya Kilbrack

Ine Malachy Tierney sindinasiyepo ntchito pakati. Ndamanga milatho ku Canada, mahotela ku Dubai, ndipo munda wonse wa Kilbrack, kumene makolo anga ankalima ngati antchito wamba, ndinaugula ine ndemwe.

M'mundamo muli nsanja imene inamangidwa chaka cha njala, pokumbukira mwana wa mwinimunda amene anamira panyanja. Pamwamba pake sanamalize. Mpaka lero kwathu amati a Tierney ndi othawa ntchito, chifukwa agogo a bambo anga, amene ankamanga nawo, anaisiya n'kukwera sitima ya ku America. Mawu amenewo amandiwawa kuposa chilichonse. N'chifukwa chake ndinalemba amisiri kuti tiimalize nsanjayo.

Tsiku lina dzuwa litalowa ndinabwererako kukatenga chingwe changa choyezera. Ndili pamakwerero, ndinamva nyundo. Go. Go. Amisiri anga anali ataweruka kalekale.

Pamwamba ndinapeza bambo woonda, wopanda nsapato, akusema mwala. Kunkazizira moti mpweya wanga unkatuluka ngati utsi. Wake ayi.

"Wachedwatu, Tierney," anatero osacheuka. "Ndiye wanenepa bwanji! Kutsidyako mumadya, eti?"

"Ndinu yani, bambo?"

"Siya mafunso, gwira uku. Ndekha sindingathe."

Ndinavula jekete n'kugwira. Tinakweza mwala, kenako wina, kenako wina, mpata wonse n'kutsekeka.

Pamakwerero, pamene ndinadutsa ndekha, panamveka mapazi ambirimbiri akutsika, ndi kuseka kwapansipansi.

"Ndi anzanga a chaka cha njala amenewo, asiye aweruke," anatero bamboyo, akuika nyundo pansi. "Agogo a bambo ako anasiya miyala itatu. Wabweza yonse itatu."