Timibulu ta pa Sosa

Mayi wa kuhotela anali ataluma kale bisiketi yachiwiri pamene Wamakeke, mwini shopu, anawona zimene bambo ake ankachita pakona.

Madalawo anali atakhala pampando wa pafupi ndi furiji, jekete lawo lothetheka m'zigongono lili pathupi, chipewa pabondo. Anangotulukira m'mawa osatumiza mawu, ati kudzamuwona mwana. Mwanayo, poti tsikulo linali la mlendo wofunika, anawapatsa tiyi ndi mabisiketi angapo kuti akhale phee. Koma abale inu! M'malo moti adye, anagwira bisiketi pafupi ndi diso n'kumakolowola timibulu ta chokoleti ndi chikhadabo, kamodzikamodzi, n'kumatiika pa sosa.

Wamakeke anadziwa pompo zimene zinali m'mutu mwawo. Munthu anakalambira pantchito ya m'nyumba yosungiramo mbewu, akulimbana ndi makoswe tsiku ndi tsiku. Kanthu kakuda kalikonse m'chakudya kwa iwo ndi ndowe za khoswe basi. Mpunga wa m'paketi, woyera mbee, amayamba ausankha kaye. Ndiye lero, lero lenilenili, awonetse mlendo kuti m'shopu muno mumagona makoswe!

Mlendoyonso sanali mlendo wamba. Ndi amene amasankha woti aziperekera mabisiketi ku hotela yaikulu ya kumtunda kwa msewu. Akavomera, shopu ipuma. Akakana, Wamakeke atseka chitseko n'kugulitsa uvuni, chifukwa makasitomala a bisiketi imodziimodzi anali atamufikitsa pakhosi.

Wamakeke anasuntha pang'ono n'kuima moti thupi lake litchinge pakona paja.

"Awa ndi a chokoleti chakuda, amayi," anatero, mawu akuthamangitsana. "Shuga ndi wochepa, koko ndiye wambiri. Timibuluti mu uvuni sitisungunuka tonse ayi, timangofewa, ndiye munthu akaluma amatipeza tili tokhatokha. Timapatsa mphamvu, bola osadya mosusuka. Ndimatiikanso m'makeke ndi m'mabanzi, tina ndimatisungunula n'kupaka pamwamba."

Mayi wa kuhotela ankagwedeza mutu, akutafuna mwaulemu. Koma khosi la munthu silitchingika. Anasuzumira kumbali, magalasi ali pamphuno, n'kuyang'ana pakona nthawi yaitali ndithu. Madala aja anali pakalikiliki. Bisiketi ina yonse inali itasanduka mabowo okhaokha, ndipo anali atagwira kale ina.

"Nanga akuluwo akutani?" anafunsa mlendoyo. "Mwapezeka kanthu m'mabisiketimu?"

Wamakeke anayang'ana jekete lija, nsapato zafumbi zija, nyenyeswa zili mbwee pa thalauza. Anachita manyazi, manyazi oyabwa mpaka m'makutu. Pakamwa panatseguka mutu usanavomereze.

"Asakudetseni nkhawa, amayi. Ndi mlonda wathu. Zinthu ngati izi sazidziwa, akuyesa kuti ndi zinyalala."

Chala cha madalawo chinaima pang'ono pamwamba pa bisiketi. Sanadzutse mutu. Kenaka chinapitiriza ntchito yake.

Mlendo anaseka n'kupukuta pakamwa.

"Achikulire ndi choncho, sitingawathe. Kwathu kuhotela aliko wina amati bowa wa m'chitini ndi mphira. Koma mabisiketi anu ndi abwino, mayi. Ndawakonda. Muyambe kubweretsa sabata yamawa."

Mawu amenewa Wamakeke ankawalota ngakhale masana. Anayenera kulumpha, kululutira, kuyimbira foni amuna ake. Koma m'kamwa munali mowawa ngati watafuna mankhwala. Anati zikomo, zikomo kwambiri, maso ali pa thebulo. Pakona paja sanathenso kuyang'anapo. Mlonda! Bambo amene anakankha uvuniwu pa wilibala tsiku lotsegula shopu, dzuwa likuswa mtengo, n'kumauza aliyense wodutsa kuti mwana wanga wayamba kampani. Manyazi oyamba aja anali masewera. Awa ndiye anali enieni.

Komabe mtima wa munthu ndi wokakala. Ka mawu kena m'kati kanamunong'oneza kuti, iwonso awonjeza, ndani anawatuma kuti azisankha chokoleti ngati akusankha nyemba? Akanangodya mwaulemu zonsezi sizikanachitika. Mlendo akangotuluka awafotokozera bwinobwino kuti timeneti si ta makoswe, ndi chakudya, chodulanso. Apepesa pambuyo pake. Mwinanso sanamve, makutu aja anayamba kale kuvuta.

Mayi wa kuhotela anali akukoleka chikwama paphewa pamene mpando wa pakona unalira. Madalawo anaimirira, chipewa m'khwapa, sosa ili m'manja onse awiri, timibulu titaunjikana pakati. Anayenda pang'onopang'ono kuti kasagwe ndi kamodzi komwe, anafika pa thebulo, n'kupinda mawondo pang'ono monga achitira wantchito.

"Madamu," anatero kwa mwana wawo, akuyang'ana pansi, "amuna anu anandiuza kuti kuchipatala akupezani ndi magazi ochepa. Ndinakafunsa anesi, akuti chokoleti chakudachi chimathandizako, ndiye ndimakupatulirani kuti mudye. Ine mlonda zotsalazi zandikwanira."