Mabulosi Omaliza a Nuala

Batala ankakana kusakanikirana ndi ufa. Nuala anayesanso ndi dzanja lamanzere, koma zala zinkangoterereka m'mbalemo. Dzanja lamanja linali lokulungidwa ndi kansalu, magazi akuonekera pang'ono. Minga ya mabulosi a m'tchire ilibe chisoni. M'mawa umenewo anaterereka pampanda wa kuseri kwa khola la nkhosa, n'kugwira nthambi ndi chikhatho chonse.

Komabe ndowa anaidzaza, sakanachitira mwina. Mawa lake linali tsiku la Mikayeli Woyera, ndipo kuno kudera la Leitrim aliyense amadziwa kuti tsikulo likangodutsa mdyerekezi amalavulira mabulosi onse. Wochedwa kuthyola amadikira chaka chamawa. Ndiye chaka ndi chaka, ndi mabulosi omalizawo, Nuala ankaphika keke imene mchimwene wake Malachy ankaikonda: mabulosi ndi shuga pansi, timibulu ta ufa wokanda pamwamba.

Malachyyo anali phee pampando wake pafupi ndi zenera, nyuzipepala ya alimi ili pamaondo. Munthu wa zaka 61, koma wosadziwa ndi pamene pamakhala masipuni pomwe. Nkhosa zake ankazidziwa imodziimodzi. Koma mpatseni dzira kuti awiritse, muone malodza.

Zaka 27 zapitazo, mayi awo atatsala madzi amodzi, Malachy anaitanidwa kuchokera ku England kumene ankagwira ntchito. Mayiwo anaitanira Nuala kuchipinda, namugwira dzanja. "Usadzamusiye Malachy. Payekha sangathe sabata." Nuala analumbira, ndipo lumbirolo linamumanga ngati mbuzi pachikhomo. Anzake anakwatiwa, ena anapita ku Dublin, ena ku Boston. Iye ulendo wake unali wa kutchalitchi ndi kugolosale basi. Masiku ena ankadana naye mchimwene wakeyo, chidani chenicheni, kenako Loweruka n'kukaulula kwa ansembe.

Chaka chino kunatulukira Fintan, bambo wofedwa mkazi, amene kale ankabweretsa makalata m'deramo. Anali atapeza kanyumba ku Sligo, kufupi ndi nyanja, ndipo anafunsira Nuala mosazungulira. Anati yankho alimve sabata ya Mikayeli isanathe, chifukwa akasamuka sabwereranso. Nuala ankamufuna Fintan, n'kubisiranji. Koma yankho linali kale m'thumba la epuloni yake: kalata ya mizere itatu, yokana.

"Kodi kekeyo tidya lero kapena pa Khirisimasi?" anafunsa Malachy osadzutsa mutu.

"Ngati yachedwa bwerani mudzaphike nokha, bwana."

"Ine? Ukufuna nyumba ipse?"

"Ndiye tseka pakamwa."

Anakanikizanso batala uja mwamphamvu. Mbale inapendekeka, ufa wina n'kukhuthukira patebulo, wina pansi. Nuala anangouyang'ana. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kulira, kulira kwa mawu kumene sanalirepo pamaso pa munthu chiikire maliro a mayi ake. Dzanja linkawawa, inde, koma sichimene ankalirira. Ankaona zaka zonse zotsala zili ndandanda m'khitchini momwemo: zenera lomwelo, mpando womwewo, nyuzipepala yomweyo.

Anatulutsa kalata ija n'kuiponya patebulo.

"Ukamapita kumsika wa nkhosa uiponye ku positi. Ndamukana Fintan."

Malachy anatsitsa nyuzipepala. "Wamukana? Munthu wabwinobwino uja? Mutu ukuyenda bwino iwe?"

"Nanga ndikusiyire ndani? Iwe ungafe ndi njala mbatatesi zili tho m'thumba. Ndinalumbira kwa Amayi kuti sindidzakusiya. Anati payekha sangathe sabata, ndipo sananame."

Malachy anamuyang'ana, nkhope itamuyera. Anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono, n'kuimirira. Anapinda manja a malaya, nasamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako anakoka mbale ija.

"Usandionjezere ntchito, Malachy. Siya."

Malachy anathira ufa wina osayeza. Nsonga za zala zake zinayamba kufikisa batala, kunyamula ufa m'mwamba, kuusiya ugwe, mwachangu moti Nuala anaiwala zolira. Anathira mkaka ndi dzanja limodzi uku lina likusakaniza. Analawa bulosi limodzi n'kuonjezera shuga. Timibulu anatiyala pamwamba pa mabulosi, tonse tofanana ngati toyeza pasikelo. Anatsegula uvuni, naumva kutentha ndi kuseri kwa dzanja, n'kulowetsa mbaleyo pashelefu yapakati.

Nuala anachita kakasi. "Zimenezi unaphunzira kuti?"

Malachy anapukuta manja. "Ku Birmingham. Zaka naini ndinkaphika buledi ndi makeke, ndipo ndinatsala pang'ono kutsegula malo angaanga. Tsiku lija utangotuluka kuchipinda, Amayi anandilumbiritsa inenso kuti ndisabwerere ku England, ndiponso ndisadzakhudze poto m'nyumba muno. Anati Nuala alibe kolowera, ukamulanda khitchini wamulanda zonse."

Anakhala pansi moyang'anizana ndi mlongo wakeyo, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Zaka zonsezi, Nuala, ine ndimayesa amene ndikukusunga ndine."