Boti Lasiya Kudontha

"Thiraninso, alamu!" anakuwa mwini boti ali m'kachipinda ka pansi, chitini cha guluu chili m'manja.

Boti lake loyendera mphepo linali lokalamba, ndipo mkazi wake anali atalumbira kuti sadzakweranso mpaka denga litasiya kumudonthera pamutu. Mlamu wake ankakhuthula ndowa za madzi pamwamba, iye n'kumamata paliponse potuluka dontho: m'mawindo, m'misomali, m'mphepete mwa chitseko.

Ndowa yomaliza itathiridwa, mkatimo munali mouma gwa.

"Zatheka! Kaitaneni alongo anu!"

Pofuna kutuluka, mwini boti anakankha chitseko, koma chinakana. Anachigunda ndi phewa, osasuntha. Guluu anali atagwira.

Mkazi uja atafika anamvetsera kukuwako, n'kumwetulira.

"Musafulumire kutsegula, achimwene. Chikwatiranireni, ndi lero lokha ndikudziwa kumene bambowa ali."