Mpweya Umene Mphuno Sanaumve Fungo

Panali munthu wina, dalaivala wa kalole konyamula katundu, amene anzake ankamutcha Mphuno. Petulo akangodontha penapake, iye ankanunkhiza n'kuloza malo ake, makaniko asanatsegule n'komwe boneti.

Tsiku lina pamalo odikirira katundu panafika bambo wachilendo atanyamula botolo lalikulu lokhala ndi tizitsulo ndi mawaya m'kati.

"Achimwene, mukuvutikiranji ndi petulo? Thirani madzi umu, mulumikize ku batire. Madziwo atulutsa mpweya wa haidulojeni, mpweyawo ulowa mu injini. Petulo muzingothira wolawitsa."

Mphuno ataona tithovu tikukwera m'botolomo, anakopeka n'kugula.

Mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anali makaniko. Atachiona chinthucho anapukusa mutu.

"Alamu, injini zoyendera mpweya umenewu zilipodi, koma amazipanga akatswiri, osati za m'botolo la pamsewuzi. Umayaka msanga kuposa petulo. Komanso sununkha."

"Chosanunkha kulibe, alamu. Mwangoopa kuti ndisiya kubwera kugalaja kwanu."

"Chabwino. Koma chonde, loleyi musamaitsekere m'nyumba."

Pochoka, mlamuyo anamumangira galasi la lole lomwe linkagwedera.

Mphuno analumikiza botolo lija ku batire monga anamuuzira mlendo uja, moti linkagwirabe ntchito ngakhale injini itazima. Madzulo analowetsa lole m'kagalaja kake kopanda zenera n'kutseka. Sanadziwe kuti kapaipi kopititsa mpweya ku injini kavuka, ndipo mpweya unkangodzadzana kudenga.

M'mawa mkazi wake anamutsatira m'galajamo atanyamula kapu ya tiyi.

"Bambo, chikuwirachi n'chiyani? Paja achimwene anati chiyani?"

"Tadikirani." Mphuno ananunkhiza uku ndi uku, kenaka anagwada n'kulowetsa mutu pansi pa lole. "Muli bwinobwino muno. Mphuno iyi sinandinamizepo. Tayatsani getsi ndione."

Mayiyo anayamba waika kapu pashelefu kuti tiyi wa mwamuna wake asatayike. Kenaka anadina swichi.

Phuu! Malata anauluka, chitseko chinakagwera pamsewu.

Mayiyo anamwalira asanafike kuchipatala. Mphuno anapulumuka chifukwa anali pansi, koma nkhope ndi manja zinapsa, moti lero zala zake sizigwira ngakhale sipuni. Bambo wa botolo uja sanaonekenso.

Amene amabwera tsiku lililonse kudzamusambitsa ndi kumuveka ndi mlamu wake yemwe uja. Sananenepo kuti "ndinakuuzani".

Tsiku lina Mphuno analephera kupirira.

"Alamu, nditukwaneni. Ndimenyeni kumene. Ndine ndinawauza kuti ayatse."

Mlamuyo anangopitiriza kumumanga mabatani a malaya.

"Kwezani chibwano, alamu. Latsala limodzi."

Juzi ya mayi uja ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko, pomwe anaikoleka. M'mawa uliwonse Mphuno amaigunditsa kumaso kuti amveko fungo la mkazi wake. Koma moto uja unamuwononga m'mphuno. Samva kanthu.

Phunziro: Luso limene linakuthandizani dzulo lisakutsekeni makutu pa chinthu chimene simukuchidziwa. Mpweya wa haidulojeni suoneka, sununkha, ndipo kamoto kochepa kokha n'kokwanira kuuyatsa. Musaike mu injini chinthu chogula kwa munthu wongodutsa, ndipo wodziwa ntchito akakuchenjezani, mverani, chifukwa wovulala sakhala inu nokha. Tumizirani madalaivala ndi abale anu onse uthengawu, mwina mupulumutsa mkazi wa wina.