Wailesi ya Kuchipinda

"Ana anga onse ali kusukulu, aphunzitsi," anatero bamboyo atatsekereza pakhomo, osawapatsa ndi mpando womwe.

"Nanga wosayenda uja anthu akuti mumamutsekera m'nyumba? Lamulo likuti nayenso aphunzire."

"Anthu satopa ndi mabodza."

Kuchipinda chokhoma ndi loko kunamveka kamawu kakuyimba a, e, i, o, u, nyimbo yomwe ana ena a pakhomopo amabwera nayo kuchokera kusukulu.

"Ndi wailesi imeneyo," anatero bamboyo.

Aphunzitsi anakweza mawu ngati ali m'kalasi: "Mwadzuka bwanji, ana inu?"

"Tadzuka bwino, aphunzitsi!" inayankha mokondwa wailesi ija.

Bamboyo sanaphethire n'komwe. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi.

"Pitani bwino, aphunzitsi. Ndikaizimitse, yayamba kusokosa."